Madzi akasanduka mwala m'khola la nkhuku

Munthu amene anakulira kumudzi kwathu kuno sanayambe waderapo nkhawa yoti madzi a nkhuku angaume gwa ngati mwala. Nkhuku imatsika m'khola kukacha n'kupita kukamwa pa phale limene mayi anaika pansi pa thandala, kapena pa chithaphwi cha pafupi ndi mjigo. Ngakhale mu Juni, pamene chiperoni chimalowa mpaka m'mafupa ku Thyolo ndi ku Mulanje, madzi amakhalabe madzi. Koma Amalawi amene anakhazikika ku Britain, m'mizinda monga Manchester, Leeds, Nottingham ndi Glasgow, akaganiza zoweta nkhuku zingapo kuseri kwa nyumba monga ankachitira kwawo, amakumana ndi vuto lachilendo. Pakati pa Disembala ndi Febuluwale pamakhala masiku amene munthu amatsegula khola m'mawa n'kupeza madzi a m'chomwera ataundana, nkhuku zikungojompha pamwamba osapeza ngakhale dontho.

Ambiri akaona chisanu chotere amaopa kuti nkhuku zifa ndi kuzizira, ndipo amathamangira kutseka mipata yonse ya khola kapena kupachikamo nyale yotenthetsa. Chonsecho nkhuku yaikulu ya nthenga zokwanira imapirira kuzizira bwino kwambiri, koma ludzu siipirira. Ntchito yaikulu ya woweta m'miyezi imeneyi ndi kuonetsetsa kuti madzi akumweka kuyambira dzuwa likatuluka mpaka litalowa, ndipo achite zimenezi mosanyowetsa khola komanso mosaika nkhuku pachiswe cha moto.

Kuweta nkhuku pakhomo n'kofala ndithu m'dzikoli. Ena amaweta kuseri kwa nyumba, ena pa timinda timene makhonsolo amabwereketsa kwa anthu, totchedwa allotment. Lamulo la 1950 la timinda timeneti ku England ndi ku Wales limalola kusungapo nkhuku zazikazi zothandiza pakhomo, osati zamalonda. Bungwe la British Hen Welfare Trust, limene linayamba mu 2005, limatenga nkhuku zimene zatha nthawi yake m'mafamu a mazira n'kuzipereka kwa mabanja, ndipo lapereka kale nkhuku zoposa 1 miliyoni. Zambiri mwa nkhuku zimenezi zimafika zili ndi nthenga zothothoka, choncho chisanu chawo choyamba panja chimafuna diso la woweta.

Thupi la nkhuku ndi madzi

Nkhuku ili ndi thupi lotentha kuposa lathu. Pamene la munthu limakhala pa madigiri 37, la nkhuku limakhala pafupifupi pa madigiri 41. Kukazizira imatukumula nthenga kuti zisunge mpweya wofunda pafupi ndi khungu, imabisa mlomo m'nthenga za pamsana, ndipo ikakhala pa ndodo yogonera imafunditsa zala ndi nthenga za pamimba. Nkhuni zosonkhezera moto wa m'thupiwu ndi chakudya, n'chifukwa chake nkhuku imadya kwambiri kukazizira kusiyana ndi kukatentha.

Koma nkhuku ilibe mano. Chakudya chouma chimene yameza chimayamba chaima m'kathumba ka pakhosi, mmene chimafewa ndi madzi, kenako chimatsikira ku nthutumba kukaperedwa. Madzi akasowa, nkhuku imachepetsa kudya, ndipo ikachepetsa kudya moto uja umazilala. Motero nkhuku imene yapezeka ili zii pakona m'mawa wachisanu ikhoza kukhala kuti inayamba ndi ludzu dzulo lake, kuzizira kwangobwera kudzatsiriza.

Nkhuku yoikira imadya magalamu pafupifupi 120 a chakudya patsiku, ndipo madzi amene imamwa amalemera pafupifupi kuwirikiza kawiri, ndiye kuti mamililita 250 kapena 300, kapu imodzi yodzaza bwino. Nkhuku zisanu ndi imodzi zimafuna malita awiri osachepera kwenikweni. Dzira nalo ndi madzi: magawo atatu mwa anayi a zam'kati mwake ndi madzi, ndipo limatenga maola 24 mpaka 26 kuti lipangike. Tsiku limodzi lopanda madzi limakwanira kuti mazira achepe, ndipo pamatenga masiku ambiri, nthawi zina masabata, kuti nkhuku ibwerere mwakale.

Chimene chimakulitsa vutoli ku Britain ndi kufupika kwa usana. Ku Lilongwe, ngakhale tsiku lalifupi koposa pachaka limakhala ndi kuwala kwa maola opitirira 11. Ku Manchester, chakumapeto kwa Disembala, dzuwa limatuluka itadutsa 8 koloko m'mawa n'kulowa isanakwane 4 koloko masana, maola 7 ndi theka okha. Ku Glasgow ndi pafupifupi maola 7. Nkhuku siona bwino mumdima ndipo ikakwera pogona siidya kapena kumwa, choncho imakhala maola 16 kapena kuposerapo popanda kanthu kukhosi. Ikatsika m'mawa imakhala ndi ludzu lalikulu, ndipo nthawi yomweyo ndi imene madzi amakhala ataundana kwambiri, pakuti kunja kumazizira koposa dzuwa likatsala pang'ono kutuluka. Woweta amene amagwira ntchito ya mashifiti amachoka kusanache n'kubwera kutada. Akapanda kukonza dongosolo, nkhuku zake zikhoza kutha masiku awiri zisanamwe, iye akuona chomwera chodzaza.

Ena amati nkhuku zidya chipale chofewa chikagwa. N'zoona zimajompha, koma chipale chatsopano chimakhala mpweya wokhawokha. Ndowa khumi za chipale zimatulutsa pafupifupi ndowa imodzi ya madzi. Ndiponso thupi la nkhuku limataya kutentha kwambiri posungunula chipalecho, kutentha kumene limafunika usiku.

Mmene madzi amaundanira

Madzi amaundana pa madigiri 0. Koma kufika pa 0 si kuundana nthawi yomweyo. Kuti lita imodzi ya madzi amene ali kale pa 0 isanduke ayisi, iyenera kutaya kutentha kofanana ndi kumene ingataye pozizira kuchoka pa madigiri 80 kufika pa 0. Apa ndi pamene pagona mwayi wa woweta: madzi ambiri amatenga nthawi yaitali kuti aundane onse, pamene madzi ochepa amauma msanga.

Kutentha kumathawira pamwamba pa madzi, m'mbali mwa chiwiya ndi pansi pake. Chiwiya chachikulu ndi chozama chimasunga kutentha kusiyana ndi mbale yosaya yotambalala. N'chifukwa chake chomwera chozolowereka cha m'mafamu, chija chokhala ndi thanki pakati ndi kangalande kozungulira m'munsi, chimagonja msanga: madzi a m'kangalandemo ndi ochepa, ndipo akangouma amatseka njira ya ena onse ngakhale m'thankimo akadali amadzimadzi. Chimodzimodzinso zomwera za timipopi tachitsulo timene nkhuku imajompha kuti madzi adonthe. Dontho limodzi likaundana m'kampopimo, basi chatseka.

Ayisi amayamba pamwamba chifukwa ndi wopepuka kuposa madzi, ndipo madzi akamaundana amafufuma ndi magawo pafupifupi 9 pa 100 alionse. Kufufumaku ndi kumene kumang'amba zomwera zapulasitiki ndi kumasula msoko wa zachitsulo. Chitsulo chimatayanso kutentha msanga kuposa pulasitiki kapena mphira. Mphepo imafulumiza kuzizira kwa madzi mwa kuuluza kampweya kofunda kamene kamakhala pamwamba pake. Usiku wopanda mitambo ndi woopsa koposa, chifukwa zinthu zimene zili pamtetete zimataya kutentha kwake kumwamba, mwakuti madzi osaya akhoza kugwira ayisi ngakhale a zanyengo alengeza kuti mpweya uli pa madigiri 2 kapena 3. Denga lililonse, ngakhale la pepala lapulasitiki, limachepetsa zimenezi.

Chisanu cha ku Britain nthawi zambiri chimakhala cha madigiri ochepa pansi pa 0 usiku, n'kusungunuka masana. Koma zaka zina chimakhalitsa. Disembala wa 2010 anali wozizira koposa pa zaka 100, ndipo kumapeto kwa Febuluwale 2018 mphepo yochokera kum'mawa inaumitsa dziko lonse kwa masiku angapo. Ku Braemar, m'mapiri a Scotland, kunafika madigiri -27.2 mu Januwale 1982. Woweta ayenera kukonzekera masiku oterowo, pamene madzi amaundananso masana dzuwa likuwala.

Njira zosalira magetsi

Njira yodalirika koposa ndi yakale: kukhala ndi zomwera ziwiri. Madzulo nkhuku zikalowa, woweta amakhuthula chomwera n'kuchilowetsa m'nyumba. M'mawa amatuluka nacho chili ndi madzi ofunda. Ngati pakhomo pali munthu masana, amakasinthanitsa ndi chinzake, choundanacho n'kukasungunukira m'nyumba. Popeza nkhuku sizimwa usiku, kusiya madzi panja usiku wonse kulibe phindu lililonse. Madziwo akhale ofunda moti chala chikhoza kukhalamo bwinobwino, osati owira, pakuti owira amapsereza nkhuku ndiponso amang'amba pulasitiki wozizira. Kusintha kofunika kwambiri ndi kwa m'mawa ndi kwa ola limodzi dzuwa lisanalowe, chifukwa nkhuku imadzaza kathumba ka pakhosi isanagone ndipo imafuna madzi ofewetsera chakudyacho.

Chachiwiri ndi kusankha chiwiya. Beseni lakuda la mphira, lofanana ndi limene amadyetsera akavalo, limaposa zomwera zamakono m'nyengo imeneyi. Mtundu wakuda umamwa kutentha kwa dzuwa, mphira suphulika, ndipo madzi akaundana munthu amangolitembenuza n'kuliponda, ayisi n'kugwa. Likhale lozama ndithu, ndipo likhazikidwe pa thabwa kapena pa udzu wouma, osati pa simenti kapena pa dothi louma ndi chisanu.

Chachitatu ndi kulifunditsa. Alimi ambiri amatenga tayala lakale lagalimoto, n'kulidzaza m'kati ndi udzu wouma, utuchi kapena mapepala apulasitiki okutira katundu, n'kukhazika beseni pakati. Tayala limamwa dzuwa masana ndipo zofunditsazo zimachedwetsa kutentha kuthawa. Ena amalowetsa ndowa yaing'ono m'ndowa yaikulu n'kudzaza mpata wapakati ndi zomwezo. Zofunditsa zonse zibisike bwino, chifukwa nkhuku imajompha ndi kumeza chilichonse, makamaka tizidutswa toyera tokutira katundu. Chivindikiro chophimba mbali yaikulu ya beseni, n'kungosiya mpata womwera, chimathandizanso kwambiri popeza kutentha kochuluka kumathawira pamwamba.

Chachinayi ndi malo. Ku Britain dzuwa limadutsa chakummwera, choncho chomwera chikhale mbali imeneyo, kuseri kwa chotchinga mphepo. Zenera lakale lotsamiritsa pa khoma, kapena pepala loonekera lokuta mbali ya mpanda, limapanga kamalo kofunda kamene nkhuku zimakondanso kuotherapo dzuwa. Botolo la madzi otentha lotseka bwino, kapena njerwa yotenthetsa ndi kuikulunga, zikaikidwa pansi pa chomwera m'mawa zimawonjezera maola angapo.

Amene amaweta pa allotment amavutika koposa. Timinda tambiri tilibe magetsi, ndipo mipopi yake imatsekedwa nyengo yonse yozizira poopa kuti mapaipi angaphulike. Madzi ayenera kuchokera kunyumba m'zigubu kapena m'fulasiki yaikulu, kawiri patsiku. Munthu amene ntchito siimulola kutero apangane ndi mnzake wa munda woyandikana nawo Novembala asanathe, wina azipita m'mawa wina madzulo.

Njira zonsezi zimangochedwetsa kuundana. Palibe chofunditsa chimene chimapanga kutentha pachokha. Pa madigiri -2 kapena -3 beseni la m'tayala likhoza kufika madzulo, koma pa -10 liyenera kuonedwa maola awiri kapena atatu alionse.

Njira zamagetsi ndi chiopsezo cha moto

Kumene magetsi amafika, m'masitolo a zaulimi mumapezeka mbale yotenthetsa yokhazikapo chomwera, ndowa zokhala ndi waya wotenthetsa m'kati, komanso mbale zomwera agalu zotenthetsa ndi magetsi. Zipangizo zimenezi sizifunditsa madzi kwenikweni, zimangowasunga pamwamba pang'ono pa 0. Zabwino zimakhala ndi thermostat, kachipangizo kamene kamayatsa magetsi kukazizira kufika pafupi ndi madigiri 2 n'kuzimitsa kukafunda. Chipangizo cha mawati 60 chikayaka maola 24 osazima chimadya pafupifupi yuniti imodzi ndi theka, ndipo chokhala ndi thermostat chimadya zochepera apo. Pogula mbale yotenthetsa, munthu awerenge ngati inapangidwira chomwera chachitsulo chokha, chifukwa zina zimasungunula pulasitiki.

Madzi ndi magetsi a mavoti 230 akakumana pamalo ponyowa zimapha. Nthambo ikhale yopangidwira panja, polumikizira pakhale m'kabokosi kosalowa madzi ndipo pasagone pansi, ndiponso magetsi adutse pa RCD, chipangizo chimene chimadula magetsi m'kanthawi kochepa akayamba kuthawira kumene sayenera. Nthamboyo ipite m'paipi pamene nkhuku kapena makoswe angaifikire. Ngakhale zonse zili bwino, chomwera chachiwiri chija chisatayidwe, chifukwa mphepo yamkuntho imene imabwera ndi chipale ndi yomweyonso imene imagwetsa mawaya.

Pali njira yodzipangira yoika babu m'chitini cha mabisiketi n'kukhazika chomwera pamwamba. Inkagwira ntchito ndi mababu akale a waya woyaka, amene ankatulutsa kutentha kwambiri kuposa kuwala. Mababu amenewo anachotsedwa pamsika, ndipo a LED satentha mokwanira. Ndiponso chitini chachitsulo cholumikizidwa ndi munthu wosadziwa zamagetsi, chili pansi pa madzi, ndi msampha. Kandulo, nyale ya palafini ndi mbaula zisayandikire khola n'komwe.

Choopsa koposa ndi nyale yofiira ya mawati 250, ija yofunditsira anapiye. Khola limakhala ndi udzu wouma, utuchi, nthenga ndi fumbi, ndipo nkhuku ikadzidzimuka usiku n'kuuluka ikhoza kugwetsa nyaleyo. M'maiko ozizira makola amapsa motere chaka ndi chaka, ndipo m'mizinda ya ku Britain, mmene nyumba zimagundana, moto wa khola sukhalira pa khola pokha. Nkhuku zazikulu siziifuna nyaleyi. Zikaizolowera, usiku umene magetsi azime zimavutika kuposa zimene zinazolowera kuzizira pang'onopang'ono.

Malangizo osocheretsa

Pa intaneti pamayenda malangizo ambiri amene woweta ayenera kuwasefa. Loyamba ndi lothira mchere m'madzi. N'zoona mchere umatsitsa mlingo woundanira, koma taonani kuchuluka kwake: madzi a m'nyanja yamchere ali ndi magalamu pafupifupi 35 a mchere pa lita, komabe amaundana pa madigiri -2. Ndiye kuti pofuna kupindula madigiri awiri okha, munthu ayenera kupatsa nkhuku madzi owawa ngati a ku Beira, amene akhoza kuzipha. Shuga ndi viniga, pa mlingo umene nkhuku ingamwe, sizisintha kanthu kooneka. Mankhwala oletsa madzi a mu injini ya galimoto kuundana ndi poizoni woopsa. Amatsekemera, ndipo pang'ono pokha amapha nkhuku, galu, mphaka ngakhale mwana.

Lachiwiri ndi loika botolo la madzi amchere loyandama m'chomwera. Madzi a m'botolomo saundana msanga, koma sapereka kutentha kwa madzi ozungulira, chifukwa nawonso amazizira mofanana. Phindu lake, ngati lilipo, ndi lakuti botolo limagwedezeka nkhuku ikalikankha n'kuswa kayisi kopyapyala. Timipira toyandama timagwira ntchito yomweyo, ndipo timafuna mphepo yotigwedeza. Chisanu chikakula, botolo ndi timipira zomwe zimaundanira momwemo.

Lachitatu ndi lakuti madzi ofunda amaundana msanga kuposa ozizira, choncho si bwino kuwagwiritsa ntchito. Nkhani imeneyi ili ndi chiyambi chake kwa anansi athu. Mu 1963 Erasto Mpemba, mwana wasukulu ku Magamba m'dziko la Tanzania, anaona kuti mkaka wotentha umene anaika m'firiji popanga ayisikirimu unaundana msanga kuposa wa anzake, ndipo mu 1969 analemba za nkhaniyi pamodzi ndi katswiri wa sayansi Denis Osborne. Mpaka lero asayansi amatsutsana ngati zimenezi zimachitikadi, ndipo ena amene anayesa mosamala sanazione. Pa beseni la nkhuku nkhani njachidule: madzi ofunda ayenera kuyamba ataya kutentha kwawo konse asanafike pa 0, choncho amapatsa nkhuku nthawi yotalikirapo, ndipo nkhuku zimawamwa mokondwa m'mawa.

Chinyezi ndiye mdani wachiwiri

Woweta wina akaona kuti madzi akuundana panja amawalowetsa m'chipinda chogona nkhuku n'kutseka paliponse. Apa amathetsa vuto limodzi n'kuitana lina. Nkhuku zimatulutsa nthunzi popuma, ndipo zitosi zake zimakhala ndi madzi ambiri. Chomwera chikawonjezera nthunzi yake, kapena chikatayikira pa utuchi, chinyezi chimadzaza m'kholamo n'kukhala pa tinyama tofiira ta pamutu ndi tolendewera kunsi kwa mlomo, komanso pa zala. Usiku chinyezicho chimaundana n'kupha khungu. Nsonga zake zimayamba zatuwa, kenako zimada n'kuthothoka. Utuchi wonyowa umatulutsanso mpweya woipa wa m'zitosi umene umawononga maso ndi mapapo.

Choncho madzi akhale panja pa chipinda chogona, pamalo ofoleredwa. Khola likhale ndi mipata yotulutsira mpweya chakudenga, pamwamba pa mitu ya nkhuku zikakhala pogona, kuti nthunzi izituluka koma mphepo isaziombe. Ngati m'mawa denga likudontha kapena zenera lachita thukuta, mipata ndi yochepa. Chomwera chikhale chokwezeka kufika pamsana pa nkhuku kuti zisapondemo. Nkhuku za tinyama tolendewera tatitali zimatinyika pomwa m'beseni lotseguka, n'chifukwa chake chivindikiro cha mpata waung'ono chimathandiza kawiri. Nkhuku imene yapsa ndi chisanu ilowetsedwe pamalo ofunda pang'ono kuti itenthedwe mwapang'onopang'ono. Malo opsawo asatikitidwe kapena kudulidwa, ndipo akatupa kapena kununkha apite nayo kwa dokotala wa ziweto. Mazira nawo atoledwe msanga, pakuti amaundana n'kung'aluka.

Zimene malamulo amafuna

Ku Britain kusiya chiweto chopanda madzi ndi mlandu. Lamulo losamalira nyama la 2006 ku England ndi ku Wales limapatsa mwini chiweto udindo wochipezera zofunika pa moyo wake, ndipo Scotland ili ndi lake la chaka chomwecho. Kuyambira pa 1 Okutobala 2024, aliyense woweta nkhuku ku England ndi ku Wales, ngakhale ikhale imodzi, ayenera kulembetsa ku nthambi ya boma ya Animal and Plant Health Agency. Chifukwa chachikulu ndi chimfine cha mbalame, chimene chimafala kwambiri nyengo yozizira ndi mbalame zam'tchire. Zaka zina boma limalamula kuti nkhuku zonse zitsekeredwe, monga zinachitikira ku England kuyambira Novembala 2022 mpaka Epulo 2023. Izi zimakhudza madzi mwachindunji: maiwe akaundana, mbalame zam'tchire zimathamangira ku beseni la nkhuku chifukwa ndi lokhalo losungunuka. Beseni likhale pansi pa denga ndi m'kati mwa waya, ndipo madzi achokere pampopi, osati padziwe kapena pa denga pamene mbalame zimatera.

Kumene kuli chisanu kwina

Amalawi amene amagwira ntchito m'minda ndi m'maploti ozungulira Johannesburg, kapena ku Free State, amalidziwa vutoli mu Juni ndi Julayi. Kumeneko nyengo yozizira ndi youma, usiku kumakhala kopanda mitambo, ndipo m'mawa udzu umayera mbuu. Pa 10 Julayi 2023 chipale chinagwa mumzinda wa Johannesburg. Koma dzuwa la kumeneko ndi lamphamvu, mwakuti kukhuthula chomwera madzulo ndi kuthira madzi ofunda m'mawa kumakwanira. Ku Canada, m'mizinda monga Winnipeg ndi Edmonton, kumene kumafika madigiri -30, zofunditsa pazokha sizithandiza ndipo chomwera chamagetsi chimakhala chofunika. Kwathu kuno chisanu choyeretsa udzu chimagwa pamwamba pa Nyika, pamalo okwera kupitirira mamita 2,000, ndipo vuto la madzi a nkhuku limene alimi ambiri amalidziwa limabwera mu Okutobala, pamene phale limaphwa dzuwa lisanafike pamutu. Zotsatira zake pa nkhuku ndi zofanana: kudya kumachepa, mazira amachepa.

Kwa woweta wa ku Leeds kapena ku Glasgow, dongosolo la tsiku lachisanu ndi lalifupi. Madzulo aone zolosera zanyengo, akhuthule chomwera ndi kuchilowetsa. M'mawa atuluke ndi madzi ofunda asanaike chakudya, ndipo aime kaye pang'ono aone kuti nkhuku iliyonse yamwa, chifukwa zamphamvu zimathamangitsa zofooka, ndipo zikachuluka pamafunika zomwera ziwiri motalikirana. Ngati chomwera ndi chamagetsi, aviikemo chala kapena agwedeze kampopi, pakuti kuona ndi maso kumanyenga. Ndipo asanakwere basi yopita kuntchito, adziwe dzina la munthu amene akaswe ayisi masana.